Utsi pa Nsalu za ku Area 15

Pulagi ija ndimayionabe m'maso mwangamu: yakuda bii, yonona mafuta, ili m'sosa pakhonde pathu ku Area 4. Amalume anali atangoichotsa pa njinga ya injini imene bambo anatisiyira. Inali njinga yakapalasa ndithu, koma yomangirira kainjini pakati pa miyendo ndi kathanki kofiira pamwamba.

Tinafika ku Lilongwe nthawi imene maofesi a boma ankasamuka ku Zomba. Bambo anali kalaliki, ndipo tinakwera lole imodzi ndi makabati a ku ofesi kwawo. Atapatsidwa nyumba yatsopano ku Area 15, anakalowamo ndi mkazi wina wa kuntchito kwawo komweko. Ife anatisiya m'kanyumba ka lendi. Tsiku limene ankanyamula masutikesi, njinga ija inakana kulira. Anaipalasa mpaka thukuta kamukamu, kenako anaikankhira kukhoma.

"Yatha ntchito iyi, ngati zina zonse m'nyumba muno," anatero akuyang'ana amayi.

Mawu amenewo amayi anawasunga chilimwe chonse. Ine ndawasunga mpaka lero, ndipo amene amandiuza za kukhululuka ndimangowayang'ana.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakonza mbaula za palafini pafupi ndi mzikiti ku Old Town. Sanali makaniko, koma amayi anawauza kuti: "Achimwene, njinga iyi ilire basi."

Anayamba ndi pulagi. Anaipala ndi sanipepa, n'kuigunditsa pa injini, ine ndikuzunguza pedulo ndi manja. Moto panalibe. Anatsatira waya mpaka anapeza pamene makoswe anatafuna. Atalumikiza, kamoto kabuluu kanathetheka n'kundiluma chala. Ndinakuwa, amayi n'kuseka koyamba chichokereni bambo.

Koma sinalire. Petulo wa m'thanki anali ataola, pansi pake pali madzi ndi dzimbiri. Amayi anathiramo timiyala n'kumakhutchumula ndi ukali, ngati m'katimo muli munthu. Kenako amalume anamasula kabuleta, kachipangizo kolowetsa petulo mu injini, n'kuboola kabowo kake kotsekeka ndi kachingwe kochokera ku waya wa buleki. Titapalasa inangoti phu, phu, n'kuzima. Tinavutika nayo choncho mpaka fumbi la m'misewu yatsopano linayamba kutimata m'mano, amalume n'kumanena zokaigulitsa kwa okhoma zidebe.

Amene anapeza vuto lotsiriza ndi amayi. Anapisa singano yawo yolukira m'paipi ya utsi, ndipo munatuluka dothi louma. Mavu anali atamangamo nyumba. Madzulo amenewo inalira mpaka nkhuku za aneba zinabalalika.

Amalume anachenjeza kuti oilo akachuluka mu petulo, utsi umatuluka wakuda, wothimbiriza chilichonse. Amayi anafunsa kuti wothimbiriza bwanji. Atamva yankho, anathiramo wina.

Anaphunzira kuyendetsa m'misewu ya ku City Centre, imene inali isanathiridwe phula, kutchire kumene makatapila ankagumula mitengo. Anagwa, anasupuka bondo, anadzuka, anamanganso chitenje. Amuna omanga nyumba ankawaimbira mluzu, iwo osatembenuka n'komwe.

Loweruka lina m'mawa anavala diresi yawo ya kutchalitchi ndi duku yatsopano, nandikweza pa kaliyala, ulendo wa kunyumba kwa bambo. Nyumba za ku Area 15 nthawiyo zinalibe mipanda, ndipo chingwe choyanikira chinali m'mbali mwa msewu. Panali nsalu zoyera zoyala pabedi ndi malaya a bambo a kuntchito, zonse zikudontha madzi. Amayi anaima, natembenuza njinga kuti paipi iloze chingwecho, napotokola chogwirira cha mafuta mpaka kumapeto.

Utsi umenewo! Unaphimba nsalu zonse, timadontho ta oilo tikuwaza pa makolala. Mkazi uja anatuluka akukuwa, sopo ali m'manja. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndikakumbukira ndimasekabe.

Kenako bambo anatuluka atavala vesiti, thovu lometera ndevu lili kutsaya. Amayi anachepetsa injini, nawongola duku yawo. Bambo anafika pafupi, nagwada, nayang'anitsitsa kainjini kaja.

"Yalira bwanji? Wakonza ndani?"

Anafunsa zokhazo. Amayi anadikira pang'ono, kenako tinanyamuka.

Njira yonse ndinkaimba. Titafika kunyumba ndinathamangira kukafotokozera amalume za nsalu zija, ndikuwonjezera ndi zina. Nditabwerera ndinapeza amayi atakhala pabedi, diresi ija akadavalabe.

"Amayi, tipitanso liti?"

"Sitipitanso."

Ndinakwiya nawo. Kwa ine tinali titapambana. Sindinadziwe kuti munthu sachita kusita diresi ya kutchalitchi pokangodetsa nsalu za mnzake, ndiponso kuti pa mphindi imene anachepetsa injini ija, ankadikira kuti bambo akweze maso.