Mawu Ofika Pankhokwe Pokha

M'galimoto mwa bambo anga munali lamulo limodzi lokha: osakhudza wailesi. Mbuzi ukanakweza, matope ukanapaka pamipando, sakanakuuza kanthu. Koma chala chikangoyandikira chotembenuzira wailesi, unkamva "Iwe!" wochititsa thukuta.

Inali kalinya yakalekale, galimoto ya kumbuyo kotsegula, yomwe anagula patapita zaka titabwerako ku Malawi komwe tinathawira nkhondo. Ankanyamulira chimanga ndi nandolo kuchokera ku Majaua ndi ku Mongue kupita kumalire. Chitseko ankamanga ndi mphira, ndipo kuti galimotoyo ilire tinkachita kuikankha banja lonse. Wailesi yokha ndiyo inali yamoyo, kamuvi kake kataima pamalo amodzi, pa wailesi ya ku Malawi yomwe inkaulutsa mauthenga a maliro ndi a anthu osowa.

Ankadikira kumva za mlongo wanga wamkulu. Iye anasowa tsiku lomwe tinkawoloka mtsinje wa Ruo. Ine ndinali kumsana kwa amayi, nkhope yake sindiyidziwa. Iye anagwira nsalu ya azakhali, ndipo mfuti zitalira anthu anamwazikana. Pofika tsidya lina azakhali analipo, nsalu inalipo, mwana panalibe. Bambo anafunsa m'misasa yonse ya othawa mpaka mapazi anang'ambika. Amayi anasiya kumutchula dzina. Bambo anakana kuti timulire. Wina akayambitsa nkhaniyo ankangofunsa kuti, "Mtembo munauona?"

Nditakula ndinakagwira ntchito m'sitolo ku Mocuba, ndipo ndinabwerako ndi matama komanso kachipangizo ka nyimbo, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Kanali ndi kanzake kolowetsa poyatsira fodya m'galimoto. Kagwiridwe kake ndi aka: umasaka pawailesi malo opanda wolankhula, nambala yomweyo n'kuyitcheranso pakachipangizo, nyimbo n'kutulukira m'masipika a galimoto. Ndinali nditatopa kuyenda ndi maliro a anthu osawadziwa kuchokera ku Milange mpaka ku Majaua.

Masana ena galimoto ili pamthunzi ndinawapempha bambo kuti tiyese kachipangizoko. Anadikira mpaka mauthenga anatha, n'kutembenuza okha, dzanja likulemera. Kamuvi kanali katazolowera malo ake moti kanachita kulira posuntha. Tinadutsa mlaliki, tinadutsa Chipwitikizi, mpaka tinafika pamene pankangomveka shiii, ngati mvula ikubwera kumapiri.

"Ndi pomwepa, ababa," ndinatero.

Sanachotse dzanja. Anapendeka mutu n'kumvetsera.

"Muli anthu mmenemu," anatero.

Ndinaseka, koma nane ndinatchera khutu. Mukamvetsera phokosolo kwa nthawi, mumayambadi kumva ngati khamu likunong'onezana kutali. Ndinadina kachipangizo msanga, gitala inaphulika, nkhuku zinathawa. Ndinawayang'ana kudikira kuti andiyamikire. Nyimbozo sanazimve n'komwe.

"Ndiye kuti kanthu kakoka kakuulutsa mawu?"

"Inde, ngati nyumba ya wailesi yaing'ono."

"Mawu a munthu kangathe kutola?"

Kankatha kujambula mawu n'kumawabwereza. Ndikanayankha kuti ayi, koma ndinali pakati podzitama.

Analowa m'nyumba n'kuvala jekete la kutchalitchi, ngati kuti mawu amaoneka. Anakhala pampando wa dalaivala, anatsokomola, n'kutchula dzina lomwe ndinali ndisanalimve pakamwa pawo kwa zaka.

"Mwana wanga, ndine bambo ako. Tinabwerera. Nyumba inapsa, koma tamanganso pomwe paja, pafupi ndi mtengo wa mango uja unagwamo n'kuthyoka dzino. Amayi ako alipo. Ngati unakwatiwa bwera nawo amuna akowo, palibe mlandu."

Anabwereza m'Chilomwe, poganiza kuti mwina analeredwa ndi Alomwe. Anabwerezanso m'Chipwitikizi chawo chotsimphina. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba. Anatenga lichero n'kupita kuseri kwa nyumba.

Sindinafune kuwanamiza. Ndinatenga kawailesi ka mabatire ka amayi, ndinatchera pamalo opanda kanthu paja, ndinayamba kuyenda kuchoka pagalimoto. Mawu a bambo ankatuluka m'manja mwanga, bwinobwino. Pofika pamtondo anayamba kukanda. Pofika pankhokwe anamira.

"Mwaona, ababa? Safika ngakhale kwa aneba."

Anayang'ana nkhokwe, anayang'ana msewu.

"Ndiye tiziwafikitsa ndife," anatero.

Nyimbo zanga zinathera pomwepo. Ulendo uliwonse mawu aja ankazungulira osaleka, ndipo bambo ankayendetsa pang'onopang'ono moti njinga zonyamula matumba zinkatipitirira. Pamene panali nyumba ankachepetsanso liwiro. Ndinkawakumbutsa kuti palibe munthu amene amatchera wailesi yake pamalo opanda kanthu. Iwo ankati munthu wosaka amadutsa paliponse. Ndinkapsa mtima, ndiponso ndinkachita mantha. Bambo anali pambali panga ali chete, koma mawu awo akuitana m'galimoto monse, ngati munthu yemwe anamwalira kale.

M'misika ankaima n'kutsegula zitseko zonse. Ena ankaseka kuti mdala wasokonekera. Akuluakulu ambiri sankaseka. Wokonza njinga wina wa ku Majaua anasiya wailesi yake pamalo omwewo mpaka kalekale. Ankati amadziwa kuti tikubwera chifukwa shiii uja ankayamba kusanduka munthu, kenako n'kubwereranso kukhala shiii. Ankanena izi akupukuta manja, osandiyang'ana.

Tsiku la msika ku Mongue, dzuwa lili paliwombo, mayi wina anasiya beseni lake la tomato n'kubwera pawindo. Anali ndi mwana kumsana, ndipo msinkhu wa mayiyo unali womwe mlongo wanga akanakhala nawo. Anamvetsera Chinyanja, anamvetsera Chilomwe, anamvetsera mpaka Chipwitikizi chinatha. Ndinaona bambo akumuyang'ana pakamwa, kusaka dzino lothyoka, ngakhale kuti linali la mkaka ndipo likanamera lina kalekale.

"Mayi, kwanu n'kuti?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Sindikudziwa, baba. Ananditola pamtsinje ndili wamng'ono."

"Mango mukuwakumbuka? Nyumba yoyang'ana kuphiri?"

Anaganiza nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akuyesetsa ndi mtima wonse. Kenako anapukusa mutu.

"Si ine, baba. Kwathu kunali nthochi, ndipo dzina langa ndimalikumbuka. Si limenelo."

Bambo anagwedeza mutu. Anatambasula dzanja kuti alize galimoto, kuiwala kuti imafuna kukankha. Mayiyo anagwira chitseko ndi manja onse awiri.

"Musapite msanga," anatero. "Ine palibe anandiitanapo. Bwezani poyamba paja, ndimvenso."

Bambo anandiyang'ana, ndipo ndinadina. Mayiyo anatsamira pachitseko n'kutsinzina. Bambo anakweza mawu a wailesi pamene pankayamba kuti, "Mwana wanga, ndine bambo ako."