Tsiku limene a Bizwell anagwetsa zitini

Mukafika pa Ntcheu Boma n'kufunsa za a Bizwell Ndau, ambiri angokuyang'anani. Koma mukati a Chigwetsa, ngakhale wa kabaza akulozerani: sitolo yaikulu ya a Goliati, ija mumalowa n'kudzitengera nokha katundu pa shelefu. Mmenemo mupeza bambo wamtali, woonda, wa imvi za m'mbali, akusanja mabotolo a mafuta ophikira. Dzina limeneli ine limandipsetsa mtima, chifukwa boma lonseli mulibe munthu wa manja odalirika ngati ameneyu.

Anakulira ku Mlangeni. Mayi awo ankaumba miphika ndi mitsuko, ndipo iwo ndi amene ankapita nayo kumsika pa njinga, itakulungidwa m'udzu n'kumangidwa ndi luzi. Njira zake za miyala zokhazokha, mvula ikagwa poterera ngati therere, koma mphika wosweka sunaoneke. Mayiwo ankati katundu wa mwini umamunyamula ngati khanda. Mawu amenewo a Bizwell anabwera nawo pa Boma atalephera kupitiriza sukulu, ndipo ndi amene anawapezetsa ntchito.

A Goliati, eni sitolo, ndi munthu wamfupi ngati mtondo, dzina lokha ndiye lachimphona. Si munthu woipa ayi, koma ali ndi lamulo lawo limodzi losapindika: wagwetsa, wagula. Chinthu chikasweka, kapena chitini chikapindika, pa shelefu sichibwereranso. Amakudula pa malipiro, chinthucho n'kukhala chako, upite nacho kwanu ukachione bwino. Wantchito aliyense analawapo. Mervis wa pa tilu anapitapo kwawo ndi thumba la ufa wa mandasi lobooka, mwezi wonse ana ake anadya mandasi mpaka kuwakana. A Bizwell okha, zaka zonsezo, sanadulidwepo. Ndipo ankanyada nazo, tisaname, kunyada kwake kofika pokwiyitsa. Mnzawo akagwetsa mazira iwo ankangokweza manja awo m'mwamba, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kupitiriza ntchito.

Chaka cha 2020 chitayamba, a Goliati anauza a Bizwell kuti kumapeto kwa Epulo awapatsa makiyi a chipinda chosungira katundu, poti amene ankawasunga anali atakalamba. Akazi a Bizwell, a Eliness, anali atauza kale amayi onse a Mvano.

Tsono panali mayi wina wa ku Sharpevale, dzina lake Veronica, mlimi wa mpunga. Mng'ono wake anamwalira pobereka Khirisimasi itayandikira, n'kumusiyira kamwana kakakazi, Tisunge. Tsiku loyamba kulowa m'sitolomo Veronica anaima patsogolo pa zitini za mkaka nthawi yaitali, mwana kumsana akulira, iye osadziwa chotenga. A Bizwell anasiya katoni imene ananyamula, n'kukaitana namwino wina amene ankagula sopo kuti amusankhire choyenera khanda. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse Veronica ankakwera mapiri ndi thumba la mpunga, kugulitsa kwa amayi a malesitilanti, n'kudzagula chitini chimodzi cha sabata imeneyo. A Bizwell ankachitsitsa okha, n'kusuzumira kumsana kuja. "Amake Tisunge, munthuyu akulemera. Posachedwa azidzanyamula yekha mpungawu."

Kenako kunabwera Kolona. Poyamba tinkangomumva pa wailesi, matenda a kutali. Koma pakati pa Epulo boma linalengeza kuti kuyambira Loweruka aliyense abindikire kwawo masabata atatu. Ha! Anthu anapenga. Amene sagula shuga woposa paketi imodzi ankafuna belo lathunthu. Mchere, machesi, makandulo, sopo, zonse zinkasesedwa. Mphunzitsi wina anagula mabotolo a polishi wa nsapato, mukafunsa kuti m'nyumbamo muziyenda kupita kuti, yankho lake linali lakuti papsa tonola. Pakhomo panali chidebe choti anthu azisamba m'manja, anachigubuduza, n'kumapondana pamatopepo. Za kukhala motalikirana zija zinatsalira pa wailesi pomwepo.

Lachitatu madzulo kunabuka phokoso. Zinadziwika kuti antchito ena ankabisira abale awo shuga pansi pa makatoni, ndipo anthu anatsala pang'ono kuswa chitseko. Choncho Lachinayi m'mawa a Goliati anasonkhanitsa antchito onse, maso ali psu. "Kuyambira lero wantchito sagula kanthu muno, sasungira munthu kanthu. Wafika ndi ndalama watenga. Ndikakupeza wabisa ngakhale bokosi la machesi, ntchito yatha."

Anzawo atabalalika, a Bizwell anatsalira. "Bwana, pali mwana uja wa ku Sharpevale. Amake amabwera mawa. Zitini zake zokha tikanapatula."

"A Ndau, ndikapatulira inu, Mervis abwera ndi mwana wake, winanso ndi agogo ake. Mwaona nokha za dzulo. Ayi."

A Bizwell sanalimbane nawo. Anabwerera ku mashelefu mtima uli m'mwamba. Veronica analibe foni, ndipo kumuuza kuti afulumire kunali kosatheka. Diso lawo linali pa shelefu ya pamwamba, pamene panatsala zitini zisanu za mkaka wa makanda. Ankadzitonthoza kuti mkaka umenewo sugulidwa ndi aliyense, mtengo wake wokha umathamangitsa anthu.

Dzuwa lili pamutu, mkaka wa mu tiyi unatha. Ndiye kunalowa bambo wina wonenepa, wa galimoto ya bokosi kumbuyo, chophimba pakamwa chili pachibwano. Anali atadzaza kale madengu atatu. Anazungulira, kuzungulira, mpaka maso ake anagwa pamwamba paja.

"Iwe, uwo si mkaka?"

"Ndi wa makanda, bwana."

"Mkaka ndi mkaka, tiyi sasankha. Tsitsa zonse."

"Bwana, kunyumba kuli khanda?"

"Ukufunsa ine? Tsitsa!"

A Goliati anali pafupi ndi tilu, akuona zonse. A Bizwell anakoka kamakwerero, n'kukwera pang'onopang'ono ngati munthu wodwala nyamakazi. Chitini choyamba anapereka. Chachiwiri anapereka. Atagwira chachitatu, mutu unawauza zimene ankadziwa kale: masabata atatu, zitini zitatu, ndipo zatsala ndi zomwezi. M'maganizo anaona kamwana kaja kakumwetsedwa madzi a phala, mimba yake isanakhwime. Kwawo ku Mlangeni anaonapo makanda otero, ndipo anathandizapo kukumba timanda tawo. Kubisa kunali koletsedwa, kugula kunali koletsedwa. Panatsala lamulo limodzi lokha, lakale lija.

Anatsika sitepe imodzi, n'kupendeketsa chitinicho kuti chikafikire m'mphepete mwa kunsi, chivindikiro chili m'mwamba. Pajatu kugwetsa nako ndi luso, akanalakwitsa mkaka wonse ukanamwazika pansi. Kenako anatsegula manja.

Khoo! Chitini chija pasimenti.

Sitolo yonse inangoti zii. Mervis anaima ndi ndalama za munthu m'manja, kukamwa kuli yasa. Bambo uja anachitola, kuchitembenuza, n'kuchikankhira kumbali. "Chopindika ine ayi. Bweretsa zinazo, ndipo usamale, manja ngati a mwana."

Khoo! Chachiwiri.

"A Ndau!" Anali a Goliati, akubwera mothamanga. "Mwadwala?"

A Bizwell anatenga chomaliza. Anachigwira ndi manja aja amene sanaswepo mtsuko pa miyala ya ku Mlangeni. Ankadziwa chimene akutaya. Anayang'ana a Goliati m'maso, osaphethira, n'kuchisiya.

Khoo!

Wina kumbuyo kwa mzere anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. "Chigwetsa! Ameneyu ndi Chigwetsa!" Dzina linabadwira pomwepo. Bambo wa galimoto anatukwana, n'kupita ku tilu ndi zitini zake ziwiri.

"Mwandiyesa chitsiru eti?" anatero a Goliati, mawu ali pansipansi.

"Ayi bwana. Ndagwetsa, ndagula. Lamulo ndi lanu."

A Goliati anayang'ana zitinizo, anayang'ana khamu la anthu. Lamulo lawo sakanalidya pamaso pa anthu. "Tolani zinthu zanu. Ndikudulani zonse zitatu. Mupite kwanu, ndidzakuoneni Lolemba. Za makiyi muiwale, sindingapatse munthu amene amandisewera."

Kunyumba a Eliness sanawalandire ndi nthungululu. "Makiyi aja mwasinthanitsa ndi zitini? Ine ndikawauza chiyani anzanga? Mwezi uno tidya chiyani, mkaka wa makanda?" Analankhula mpaka mawu anatha. Kenako mayiwo anatenga zitinizo chimodzichimodzi, kuzigwedeza pafupi ndi khutu, kuona ngati zabooka. Anazipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje n'kuziika mu jumbo. "Mukamuuze mayiyo kuti madzi aziwiritsa bwinobwino."

Lachisanu a Bizwell anakakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi sitolo, jumbo ili pamiyendo. Odutsa ankawaseka. "A Chigwetsa, lero mugwetsa chiyani?" M'mawa unatha, masana anafika, Veronica osaoneka. Maminibasi ankanyamula anthu ochepa masiku amenewo, ndipo ambiri ankatsala pa siteji. Mantha anawagwira kuti mwina sabwera, ndipo anayamba kuganiza zobwereka njinga kuti atsetsereke okha kuchigwa.

Dzuwa litapendeka anamuona, koma mochedwa, akulowa kale m'sitolo mothamanga, mwana kumsana. Iwo sankaloledwa kuponda mkatimo. Posakhalitsa anatuluka. Sanalire. Anangokhala pansi pa khonde, n'kumasula mwana, kumuika pamiyendo, n'kumamuyang'ana. Nkhope imeneyo a Bizwell amati sadzaiwala.

"Amake Tisunge."

Veronica anadzutsa mutu. "Bambo, kwatha. Akuti anthu agula wonse. Ndipita kuti ine ndi mwanayu?"

A Bizwell anagwada, n'kuika jumbo ija pambali pake. Veronica anaitsegula. Anatulutsa chitini chimodzi, chachiwiri, chachitatu, misozi ili chuchuchu. Anamasula mfundo ya chitenje kuti apereke ndalama, koma iwo anabweza dzanja lake.

"Zopindika sitigulitsa. Ndi lamulo la muno."

Ndipamene anaona kuti zonse zitatu zinali zopindika kunsi, malo amodzimodzi. Anapukuta misozi, n'kusisita popindikapo ndi chala. "Koma anthu ena kusasamala! Chakudya cha mwana n'kumachigwetsa chonchi? Ndani ameneyu?"

"Alipo wina muno," anatero a Bizwell. "Manja ake ndi a phala."

Madzulo a tsiku lomwelo khoti linaimitsa m'bindikiro uja. Anthu amene anaunjika shuga anatsala naye, akunyowa m'nyumba, ndipo a Bizwell anasekedwa kawiri, kuti anataya makiyi chifukwa cha mphepo. Koma oseka aja sankayang'ana pa shelefu ya pamwamba. Shuga ndi sopo zinabweranso msanga, pamene mkaka wa makanda galimoto yake inachedwa mpaka mwezi wotsatira. Masabata amenewo Tisunge anakhalira zitini zopindika zija.

Amene anaulula ndi Mervis, pakamwa pake sipasunga kanthu. Veronica atamva, analowa m'sitolo anthu ali thoo, n'kugwada pasimenti pamalo pomwe panagwera zitini. Anaomba m'manja mwaulemu, n'kuwatchula mfunda wawo, "Ndau! Ndau!" A Bizwell anachita manyazi, anathawira kuseri kwa makatoni.

Makiyi anapita kwa Geoffrey, mlamu wa a Goliati, ndipo ali nawo mpaka lero. A Goliati nkhaniyi saitchula, ngakhale anthu aona kuti masiku ano chitini chimodzi cha makanda chimakhala pansi pa tilu nthawi zonse. A Bizwell akadali pa mashelefu, imvi zawonjezereka, ndipo sanagwetsenso kanthu. Manja aja anasiya kuwakweza m'mwamba mnzawo akaswa mazira, amangomuthandiza kukolopa. Dzina lokha ndiye linakana kuchoka, ndipo iwo amavomera akaitanidwa.

Tisunge tsopano ndi kamtsikana kothamanga, kolongolola, kosamva. Amake akabwera ndi mpunga amabwera naye, ndipo ali ndi masewera ake amene amaimitsa mitima ya anthu. Amakwera pa khonde la sitolo, paja pali patali, n'kufuula, "Agogo Chigwetsa, ndigwireni!" Asanayankhidwe n'komwe amadziponya, maso atatsinzina. Nkhani ya zitini saidziwa. Chimene amadziwa n'chakuti manja amenewo sanamugwetsepo.