Kadontho Kuseri kwa Khutu la Asiyatu

Nditamaliza maphunziro a unamwino ku Zomba, bambo anga aang'ono, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Nkaya, anamva m'sitima kuti kachipatala ka mishoni kufupi ndi Ulongwe kakufuna namwino. Ndinakwera lole ku Balaka, ndipo Sisitere woyang'anira chipatalacho anayamba wandiyendera zikhadabo asanandilembe ntchito.

Masiku amenewo tinali pansi pa Azungu. Kuwonjezera pa zilonda ndi malungo, Sisitere ankathandiza adona a m'minda ya fodya amene dzuwa linkawatulutsa timitsempha tofiira m'masaya, tofalikira ngati miyendo ya kangaude. Timitsemphato sitipweteka, koma eni ake ankadana nato. Tinkapukuta khungu ndi thonje la sipiriti, n'kuika singano yopyapyala pa lawi la nyali mpaka nsonga itafiira. Kenaka, tikuyang'ana pa galasi lokuzira zinthu, tinkakhudza pakati penipeni pamene timiyendoto tayambira. Kukhudza kokha, osabaya. Lamulo la Sisitere linali ili: "Yamba wayesa kuseri kwa khutu, udikire papole. Khungu lina likapsa limatupa, ndipo silibwereranso."

Tsiku lina, Sisitere atapita kukatenga mankhwala, kunafika mtsikana woyera khungu, dzina lake Asiyatu, pamodzi ndi azakhali ake. Mtsikanayo anali ndi kangaude wotere pamphuno, pafupi ndi chipini, ndipo ukwati wake unali utayandikira. Ndinaona kuti mphini zimene anam'tema ali mwana zinapola motukuka. Ndinawauza kuti tsikulo ndiyesa kuseri kwa khutu basi.

"Iyayi, mwanangu," anatero azakhaliwo. "Kodi mwamunayo akukwatira khutu?"

Odwala amene anali pakhonde anaseka. Ndinafotokoza za kutupa, koma mayiwo anakweza mawu.

"Adona mumawakonza nkhope, ife mukutimana. Kapena n'chifukwa tabwera opanda nsapato? Sukulu yanuyo munakaphunzira kunyoza anzanu?"

Mawu amenewo anandilasa, pakuti inenso ku Balaka ndinkagulira pawindo la sitolo, Azungu akulowera pakhomo. Singano inali itafiira kale, Asiyatu atatsinzina, akudikira. Ndikanangosuntha dzanja pang'ono, manyazi anga akanatha pomwepo.

"Mayi," ndinatero, "adonanso amayambira kukhutu. Mukandinenere kwa Sisitere ngati mufuna, koma mphuno ya mwanayu sindiikhudza lero."

Ndinapinda khutu la Asiyatu, n'kukhudzapo kamodzi, n'kuzimitsa nyali. Anatuluka osatsazika. Kwa nthawi ndithu, amayi a m'mudzi mwawo ankandidutsa pamsika osandipatsa moni, ndipo ndinamva kuti anandipatsa dzina lakuti Adona Akuda.

Titakolola chimanga, Asiyatu anabwera yekha, ali pabanja. Anamasula duku n'kutembenuza mutu. Kuseri kwa khutu kunali chotupa cholimba, chonyezimira, chachikulu ngati njere ya mtedza.

"Anamwino," anatero motsitsa mawu, "chikanakhala pamphuno chimenechi?"

"Pamenepo ndithu."

Asiyatu anagwira kangaude uja pamphuno n'kuseka. "Bambo akunyumba mpaka lero sanamuonebe."

Ndaphunzitsa anamwino ambiri chichokereni kumeneko, ndipo amati ndine wouma mtima. Sindikana. Ndimawauza kuti wodwala akachoka atakwiya, mkwiyo umatha; koma akachoka ndi chipsera pankhope, amakaikidwa nacho m'manda.