Dzino labwinobwino la a Naphiri

Ntchito yanga yoyamba inapezeka pamaliro. Nditamaliza maphunziro a zamano ku Lilongwe ndinabwerera kwathu ku Mvera kukadikira kuti boma litiitane, ndipo ndinadikira mpaka anthu anayamba kufunsa mayi anga ngati ndinakhozadi mayeso. Tsiku lina malume ali pasiwa anamva bambo wina akudandaula kuti mtsikana amene ankamuthandiza pakachipatala kake ka mano ku Mponela wasiya ntchito. Malume sanadikire n'komwe kuti mwambo uthe. Lolemba lotsatira ndinali m'minibasi, satifiketi yanga ili m'jumbo kuopa mvula.

Mwini chipatalacho ndiwatchule kuti bambo Mwale, ngakhale si dzina lawo. Malowo anali zipinda ziwiri kuseri kwa magolosale. Munali mpando umodzi wa odwala wokweza ndi phazi, nyali, ndi chowiritsira zida. Pathireyi tinkayala kagalasi ka chigwiriro chachitali, kachitsulo kosongoka kofufuzira mabowo, jakisoni wa mankhwala a dzanzi, chitsulo chogwedezera dzino chomwe timati eleveta, zopanira zozulira, ndi thonje. Makina a ekisire kunalibe.

Bambo Mwale anali ndi dzanja, zimenezo sindingawamane. Ankazula dzino wodwala asanamalize pemphero lake lamumtima. Koma ntchito yonse ya mano kwa iwo inali imeneyo basi. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti, "Wodwala aloze, inu mubaye, muzule. Anthuwa achokera kutali, sabwera kudzamva ulaliki."

Omwe ankadana nawo kwambiri ndi mano anayi omaliza kumera, aja amatuluka kumapeto kwenikweni kwa nsagwada munthu atakula kale. Iwo ankati alibe ntchito. Ife kusukulu anatiphunzitsa zina. Dzino limeneli umalichotsa ngati lamera chogona n'kumakankha linzake, ngati lawola koti silingamatidwe, kapena ngati nkhama yolikuta ikungotupa mobwerezabwereza ndi mafinya. Koma ngati laima chilili, ndi loyera, ndipo likukumana ndi linzake lapamwamba, umalisiya. Ndi dzino ngati lina lililonse, limatafuna.

Tsiku lomwe limandipsetsa mtima mpaka lero linali la msika, nyengo yosoka fodya. Mzere wa odwala unafika pakhonde. Kunalowa mayi wina wa ku Chisepo, a Naphiri, a zaka za m'ma 30, atamanga tsaya ndi mpango. Amuna awo anali pambuyo, matope ali m'miyendo. Mayiwo atatsegula pakamwa ndinaona kuti azulidwa mano kambirimbiri. Pansi kumanja kunalibe dzino lotafunira ngakhale limodzi. Pansi kumanzere kunatsala limodzi lokha, lomaliza kumera lija, ndipo ndi pomwe iwo analoza.

Ndinaliyang'ana ndi kagalasi mbali zonse. Linali loongoka, lopanda bowo, nkhama yake yosatupa. Ndinaligogoda ndi chigwiriro cha kagalasi, mayi osagwedezeka n'komwe. Ndinapita pamwamba n'kuyamba kugogoda limodzilimodzi. Nditafika pa lachitatu kuchokera kumapeto, anadzidzimuka mpaka kundigwira mkono. Kachitsulo kosongoka kanalowa m'bowo lobisika pakati pa mano awiri. Ndinawauza mayiwo kuti lovuta ndi lapamwambali. Ululu wa dzino umanama. Lapamwamba likawola, munthu amatha kulumbira kuti likumuwawa ndi lapansi.

Ndinapita kuchipinda china n'kuwauza bambo Mwale motsitsa mawu. Ndinkayesa kuti tikambirana konko, anthu awiri a ntchito imodzi. Ayi ndithu. Ananyamuka, nalowa kwa wodwala, osatenga ndi kagalasi komwe.

"Mayi, likukuwawani ndi liti?"

A Naphiri analozanso pansi.

"Mwamva?" anatero akundiyang'ana. "Mwini wake waloza. Inu mwabwera dzana lomweli mukudziwa ululu wake kuposa iyeyo?"

Amuna awo anathira ndemanga. "Chotsani lomwe anena adokotala aakulu. Fodya wapsa m'munda, wosoka ndi yemweyu. Sitingabwerenso kuno."

Ndinawayang'ana mayiwo. Anangozolika n'kunena kuti, "Mmene mwaoneramo."

Apa ndiye pomwe pamandiwawa. Ndinkadziwa zoona zake. Ndinali nditaziona ndi maso anga, ndipo dzanja lawo linali litandiuza pamene linandigwira mkono. Koma ndinaleredwa kuti wamkulu akalankhula pagulu sumubweza mawu, ndipo ndinkaopa kubwerera ku Mvera kukasenda chimanga ndi satifiketi m'chikwama. Ndinangoti, "Chabwino, bambo."

Ndinabaya jakisoni kumapeto kwa nsagwada, ndinadikira mpaka mlomo wawo wapansi utachita dzanzi, kenako ndinalowetsa eleveta. Dzinolo linakana. Lowola limagonja msanga, koma ili linagwira ngati chitsa. Thukuta linanditsika m'khosi, odwala panja akung'ung'udza, bambo Mwale akusuzumira pakhomo kundifunsa ngati ndikulima kapena ndikuzula. Pomaliza linatuluka lathunthu, mizu yake yoyera, lopanda ndi kadontho komwe. Ndinaliika m'mbale. Bambo Mwale analiyang'ana n'kunena kuti, "Mwayamba kuphunzira."

A Naphiri ndinawalumitsa thonje, ndinawauza kuti asalavulelavule tsiku limenelo, ndipo kuyambira mawa lake azichukucha pang'onopang'ono ndi madzi ofunda a mchere. Za dzino lapamwamba sindinatchulenso. Anathokoza mogwada pang'ono. Tangoganizani, anandithokoza.

Patapita masiku asanu anabweranso, ali okha. Tsaya linali litatupa mpaka diso linatsala pang'ono kutsekeka. Dzino lapamwamba lija linali litachita mafinya. Bambo Mwale anasuzumira m'kamwa, ulendo uno ndi kagalasi, n'kunena mosachita manyazi kuti, "Zimachitika. Muwapatse mankhwala, chotupa chikaphwa muzule." Basi anatuluka kukamwa tiyi.

Zimachitika chiyani? Lapamwambalo mwina likanazulidwabe, sindikukana. Koma lapansi likanatsala, likukumana ndi anzake a pamwamba, ndipo mayiyu akanamatafuna chimanga chootcha ndi nyama mpaka ukalamba. Tsopano nsagwada yonse yapansi inalibe dzino lotafunira. Mano oikirira, kwa mlimi wa ku Chisepo, ndi nkhani yongomva. Tinamulanda chinthu chomwe sitingamubwezere chifukwa wina anali pachangu, wina ankafuna wosoka fodya, ndipo ine ndinkateteza ulemu.

Ndikuwalembera mankhwala ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Ndinati, "Mayi, pepani. Dzino lija linalibe vuto."

Anakonza mpango. Kenako analankhula movutika chifukwa cha kutupako.

"Ndinadziwa, achemwali. Mutagogoda lapamwamba ndinamva kuti ndi limeneli. Koma bambo a kunyumba anali pomwepo, adokotala aakulunso anali atanena. Ine ndikanayamba bwanji? Ndinkadikira kuti inu munenenso kachiwiri, ndivomereze."

Ndinakhala pamenepo miyezi ina itatu mpaka boma linandiitana, ndipo miyezi imeneyo ine ndi bambo Mwale tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse. Ankanditcha wamakani, ndipo ankanena zoona. Lero ndimagwira ntchito kumapiri a Ntchisi. Mano omaliza kumera ndimawazula ndithu, ambiri, akagona kapena akawola. Koma sindigwira chopanira ndisanagogode mano onse a mbali imeneyo, ndipo operekeza ndimawapempha kuti adikire panja kuti wodwala alankhule yekha. Wina aliyense akandiuza kuti ndichotse dzino lomwe ndaona kuti ndi labwino, kaya ndi mkulu wanga pantchito, kaya ndi mwamuna wa wodwala, ndimakana. Akaumirira ndimakananso, mokweza, kuti amene wakhala pampandoyo amve. Nthawi zambiri iyeyo amakhala akudikira kachiwiriko.