Sitovu ya ku Kanini

Ndinabadwira ku Kitwe, m'komboni ya anthu a mumgodi. Makolo anga anachokera kummawa, cha ku Chipata. Bambo ankagwira ntchito kumene amasungunulira mkuwa, ndipo mikono yawo inali ndi tizipsera kuyambira m'manja mpaka m'zigongono. Ine ndinakulira pa mbaula. Ndisanathe n'komwe msinkhu ndinkadziwa kale kukoleza makala, amene kunoko timati malasha, kuphula poto ndi kansanza, ndi kuyesa nsimbi yositira ndi chala chonyowetsa malovu. Azimayi a mumzere mwathu ankati mwana uyu moto sumuwopsa, ndipo ine ndinkanyada nazo.

Ndinakwatiwa ufulu utangobwera kumene. Amuna anga anali kalaliki, mwana wa banja lochokera ku Malawi, anthu a tayi ndi nsapato zopolisha. Masiku amenewo mkuwa unali pa mtengo wabwino, azungu ena ankalongedza katundu, ndipo mipando imene ankasiya m'maofesi inkafuna anthu a sukulu. Amuna anga anakwezedwa pa ntchito n'kutumizidwa ku Ndola, kumene anatipatsa nyumba ku Kanini.

Nyumbayo inandiwopsa tsiku loyamba lomwe. Kwathu dzuwa likafika pamutu malata ankatiwotcha ngati tili mu uvuni, koma muno munali siling'i, kutentha kumathera kumwamba komweko. Pansi panali simenti yofiira imene inkazizira m'mapazi ngakhale m'mwezi wotentha. Kukhitchini kunali sitovu yamagetsi, yoyera, yokhala ndi zitsulo zakuda zozungulira pamwamba ndi timabatani tamanambala kutsogolo. Ndinayesa kuphikirapo phala. Ndinapotokola batani, ndinadikira, ndinagwira chitsulo, chinali chozizira. Ndinaganiza kuti eni ake anaisiya yakufa, ndiye ndinapita kukayanika zovala. Pobwera ndinapeza phala lapserera, poto wada bii.

Kuyambira tsiku limenelo ndinabwerera ku mbaula yanga. Ndinkaikoleza kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango, kuti anzathu oyandikana nawo asaone utsi. Amuna anga akatsala pang'ono kuweruka ndinkasanja mapoto pa sitovupo, ndipo iwo ankayamikira kuti ndazolowera msanga.

Tsiku lina anabwera ndi nkhani yoti aitana abwana awo ndi akazi awo kudzadya nafe Lamlungu tikachoka kutchalitchi. Abwanawo anali munthu wakuda ngati ife, Mbemba wa kumpoto. Akazi awo anali nesi, ndipo anthu ankati anakaphunzirira kutsidya kwa nyanja. Amuna anga anabwereza kangapo kuti zonse zikhale mwadongosolo, chifukwa anthu amenewa anaona dziko.

Ndinadziwa kuti mayi akabwera kudzacheza sakhalitsa pabalaza, amalowa kukhitchini. Choncho nkhuku ndinaiphikiratu mmawa pa mbaula, mbaulayo n'kuibisa kuseri kwa mulu wa njerwa. Mpunga wokha ndi umene ndinalimba mtima kuuphika pa sitovu, nditaima pomwepo osachokapo. Utapsa ndinabweza batani pa ziro, kanyali kofiira ka pa sitovupo kanazima, ndipo poto ndinamuika pambali. M'maganizo mwanga kuzimitsa sitovu kunali ngati kutseka mpopi. Ukatseka, madzi asiya. Ukazimitsa, moto watha.

Galimoto inalira panja. Ndinalandira alendowo nditagwada, ndinawapatsa moni m'Chibemba, pakuti tonse okulira ku Kitwe timachiyankhula tikangotuluka pakhomo. Mayiwo anali wamtali, wodekha, atavala diresi lobiriwira. Anandipatsa keke yomwe anaphika okha, ili m'kabokosi ka pulasitiki koyera mbuu, ka chivindikiro chotseka kuti thi. Chinthu chotere ndinali ndisanachionepo. Anandiuza kuti kabokosiko anabwera nako kuchokera kumene ankaphunzira, ndipo ndidzawabwezere tsiku lililonse keke ikatha. Ndinakalandira ndi manja awiri n'kupita nako kukhitchini. Patebulo panali podzaza mbale ndi makapu. Malo okhawo amene ndinaona kuti ndi aukhondo, oyenera chinthu chokongola chotero, anali pa chitsulo chimene ndinali nditangophulapo mpunga. Chinali chakuda monga mwa masiku onse. Ndinakakhazika pomwepo n'kubwerera kwa alendo.

Tinacheza pang'ono za mvula ndi za msewu wa ku Kitwe. Kenako mayiwo anatukula mutu n'kufunsa ngati kukhitchini kuli chinthu pamoto. Ine ndinayankha molimba mtima, mawu okweza kuti amuna anga amve, kuti ayi mukwai, ndazimitsa zonse. Sanatsutse. Posakhalitsa fungo linafika pabalaza, fungo loipa lokanda kukhosi, ndipo utsi unayamba kulowa pachitseko.

Ndinathamanga. Kabokosi kaja kanali katapendekeka, pansi pake patasungunuka ngati kandulo, madontho akutsika m'mbali mwa sitovu. Sindinaganize za kansanza. Ndinangofuna kuti chichoke asanachione, ndiye ndinachinyamula ndi dzanja lamanja. Khala lamoto likakugwera umalikutumula, limagwa. Ichi chinandimatirira m'chikhatho ndi m'zala, ndipo chinapitiriza kundiwotcha ngakhale nditataya kabokosiko pansi. Sindinakuwe. Ndinakulunga dzanjalo m'chitenje n'kuyamba kufunafuna botolo la mafuta ophikira, chifukwa kwathu munthu akapsa ankamudzoza mafuta kapena kumuthira mchere.

Mayiwo anali atafika kale kumbuyo kwanga. Anandilanda botolo, anandikokera ku sinki, anatsegula mpopi n'kulowetsa dzanja langa m'madzi atagwira pamkono kuti ndisalichotse. Anandiuza m'Chibemba, motsitsa mawu, kuti kutentha kukadali m'mnofu ndipo kukulowerabe mkati, madzi ozizira ndi amene angakutulutse, koma mafuta angokuvindikira momwemo. Tinaima choncho nthawi yaitali, madzi akutayika, ine ndikuyang'ana pansi pamene panali keke yawo itagwa chafufumimba.

Azibambo aja anabwera kudzaima pakhomo la khitchini. Amuna anga anayang'ana sitovu, anayang'ana keke, kenako anayankhula kwa abwana awo m'Chingerezi, akuseka pang'ono. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ananena ndinazimva bwinobwino.

"Mumukhululukire bwana, ndi wa m'komboni. Zinthu izi sanazizolowere."

Abwanawo anaseka kaseko kaulemu, kongothandiza mnzawo. Mayiwo sanaseke. Anawauza kuti apite akatsegule mawindo onse a m'nyumba.

Chakudya cha tsiku limenelo anagawa ndi mlendo. Anavala epuloni yanga, anafunsa kumene ndimasunga zipande, anapakula mpunga ndi nkhuku n'kuperekera azibambo patebulo, m'nyumba mwanga, ine nditakhala pakona dzanja lili m'mbale ya madzi. Abwanawo anayamikira nkhuku kuti yakoma, ikumveka kafungo ka kumudzi, ndipo anafunsa ngati sitovu zamagetsi zimatha kuphika chonchi. Ndinayesa kudya ndi dzanja lamanzere, mpunga unkangogwera pamiyendo, ndiye ndinasiya. Asanapite, mayiwo anandimanga dzanja ndi nsalu yoyera imene anatenga m'galimoto, n'kunena kuti adzabweranso mkati mwa sabata.

Madzulo amuna anga anapita kukataya keke ija kudzala. Pobwera anadzera kuseri kwa njerwa, napeza mbaula phulusa likadali lofunda. Anandifunsa ngati masiku onsewa ndakhala ndikuphikira pamenepo, ndipo ndinavomera. Anafunsa chifukwa chimene sindinawauzire.

"Ndikanakuuzani mukanati chiyani, bambo? Si zomwezi mwanena masana?"

Anayankha kuti sanadziwe choti anene pamaso pa abwana, pakamwa panangotuluka zimenezo. Anawonjezera kuti iwonso sitovuyo sanaigwirepo chiyambire, ndipo akanakhala iwo mwina akanachita zomwezo. Ndinaona kuti akunena zoona, koma mawu aja anali atanenedwa kale, ndipo ananenedwa m'chiyankhulo chimene ankaganiza kuti sindimva.

Mayiwo anabweradi, ali mu yunifomu yawo yoyera, akuchokera kuntchito. Anatsuka balalo, anamanganso, ndipo atatha anapempha mpeni wosathwa n'kuyamba kupala pulasitiki imene inaumira pa chitsulo chija. Akupala choncho anandifotokozera kuti mkati mwa chitsulocho muli waya amene amafiira magetsi akalowa. Wayayo amatenthetsa chitsulo, chitsulo n'kutenthetsa poto, poto n'kutenthetsa madzi. Chitsulocho n'chokhuthala, n'chifukwa chake chimachedwa kutentha, ndipo ukazimitsa chimachedwanso kuzizira, chimangopereka kutenthako pang'onopang'ono kwa chilichonse chimene wachikhazikapo. Anati iwo mpunga amauzimitsira usanapse kwenikweni, umamalizika wokha ndi kutentha kotsalako. Anandionetsa kuyandikiza kuseri kwa dzanja pamwamba pa chitsulo osachikhudza.

Ankayankhula mokoma mtima, osandinyoza ngakhale pang'ono, koma ine ndinkangofuna pansi patang'ambika. Chimene chinkandiwawa n'choti zonsezi ndinkazidziwa. Nsimbi ukaikhuthula makala imasitabe kolala ya shati. Mafuwa amawotcha phazi moto utazima kalekale. Bambo anga ankatiuza tili ana kuti zinyalala za mkuwa zimene amakataya kumulu zimada pamwamba msanga koma mkati zimakhala moto, ndipo ankatiletsa kusewera chakumeneko. Ndinangopusitsidwa ndi kanyali kofiira ndi utoto woyera. Ndinali mayi wapabanja, mwana wa munthu wogwira ntchito pa ng'anjo, ndikuphunzitsidwa za moto m'khitchini mwanga momwe. Nthawi yonseyo sindinawayang'ane kumaso. Ndinkangoti inde mukwai, natotela mukwai, kutanthauza inde mayi, zikomo mayi. Za kabokosi kawo sanatchule, inenso ndinasowa poyambira.

Pulasitiki ija sinachoke yonse. Kwa masabata angapo, ndikangoyatsa chitsulo chimenecho fungo lija linkabweranso, ndipo amuna anga ankadzuka mwakachetechete kukatsegula windo. Ndinayamba kuphikira pa sitovu tsiku ndi tsiku, dzanja lili ndi bandeji, mwina chifukwa cha mkwiyo. Mbaula ndinaitulutsa poyera, ndinkaphikira nyemba ndi kuwotcha chimanga, osasamalanso kuti aona ndani.

Bala litayamba kuuma ndinayendayenda m'masitolo a mu Ndola kufuna kabokosi kofanana ndi kaja. Ndinkafotokoza ndi manja, eni sitolo ankanditulutsira mabeseni ndi ndowa. Kenako ndinakwera basi kupita ku Kitwe kukaona makolo. Amayi ataona dzanjalo anafunsa chimene chinachitika, ndipo nditawauza anangoti nyumba za azungu zili ndi zake, n'kuyamba kundikonzera tiyi. Bambo analigwira, analitembenuza uku ndi uku, anati amene anamanga bala ili amaidziwa ntchito yake, zala zidzapinda bwinobwino. Sanandifunse kuti zinatheka bwanji, ndipo ndinathokoza mumtima.

Tsiku lotsatira ine ndi amayi tinazungulira msika wa Chisokone mpaka miyendo kuwawa. Kabokosi kotero kunalibe. Pomaliza ndinagula mbale yachitsulo yopaka utoto woyera, ya maluwa ofiira m'mbali, yokhala ndi chivindikiro chake. Inali yabwino kuposa mbale zonse za m'nyumba mwanga. Amayi anati mbale sipita kwa munthu ili yopanda kanthu, ndiye anakazinga mtedza umene abale anatitumizira kuchokera kummawa n'kudzazamo.

Ndinapita nayo ndekha kunyumba kwa abwanawo. Njira yonse ndinkayeseza mawu oti ndikanene, kuti mbaleyi ndi yolowa m'malo mwa kabokosi kamene ndinawononga. Nditafika mayiwo anandilandira bwino, anayamba ndi kuona dzanja, anatsegula mbale n'kusangalala ndi mtedzawo, akuti ana awo amaukonda. Mawu aja anandikanika. Ndinamwa tiyi, ndinatsanzika, ndinabwerera kwathu ndikudziuza kuti amvetsa okha.

Patapita masiku angapo amuna anga anabwera kuchokera kuntchito atanyamula kathumba. Anati abwana awapatsa kuti andipatsire, ndipo akazi a abwanawo akuthokoza kwambiri chifukwa cha mtedza. M'kathumbamo munali mbale ija, yotsukidwa bwino, ndipo mkati anaikamo malalanje a pakhomo pawo. Amuna anga anafunsa ngati akaibweze mawa n'kukafotokoza. Ndinati ayi, isiyeni. Chaka chisanathe banja lija linasamutsidwira ku Lusaka, ndipo sitinaonanenso. Mbaleyo ndinkasungiramo shuga, mpaka inadzabooka pansi ana anga atakula kale.