Wondipondera moto palibe

Tsiku lathu lomaliza labwinobwino, Nambewe, tinali pakhomo kuno ku Brampton. Ine ndinkasintha regyuleta ya dizilo kuti pikapu izikoka bwino, inu muli pachiwongolero kundipondera moto. Munati, "Bambo a Chisomo, mukaiwonjezeranso, utsiwu muupuma nokha."

Lero pikapu ija yayambanso kutsamwa, koma wondipondera palibe. Tsidya la msewu a Tembo akukonza yawo, akazi awo akuwagwirira tochi, akukangana za sipanala. Nsanje yandigwira moti ndalephera kuwapatsa moni. Zovala zanu ndinagawira amayi akutchalitchi mwezi watha. Sindinkadziwa kuti jekete lanu lofiira likagwera mayi Tembo. Ndi lomwe avala lero, ndipo amuna awo angopukutirapo manja, onse n'kumaseka.