Masamu ku Liverpool Street, Maliro ku Romford

Ndinanyamuka ku Woolwich m'mawa kukuwaza kamvula kosatha kaja ka kuno ku London. Ndinkapita kukalembanso mayeso olowera sukulu ya bizinesi. Ulendo woyamba Chingerezi ndinachikwapula, koma masamu anandigwetsa chagada. Asukulu sanapsatire mawu: kwezani masamuwo mwezi uno, apo ayi malo tipatsa wina. Ine ntchito yosambitsa okalamba inali itandikwana.

Pageti la siteshoni ya sitima ndinagunditsa khadi yolipirira, mapaundi n'kupita ngati madzi. Pansi podikirira sitima ndinaona mayi Nyirenda, amene anandisunga pabalaza pawo nditangofika m'dziko muno. Chitenje anachimanga pamwamba pa jekete, kumutu duku. Ndinawayandikira.

"Mayi, kwagwanji?"

"Sunamve? Bambo ako a Nyirenda atisiya. Ndikupita kuchipatala ku Romford kukatenga zovala zawo."

Ndikanamva bwanji? Mauthenga a gulu lathu la Amalawi ndinali nditawatseka kuti ndiziwerenga.

M'sitima ndinakhala pambali pawo. Mzungu wina ataona misozi anawapatsa tishu, nati pepani, n'kubwerera ku nyuzipepala yake. Pa Canary Wharf panalowa anthu a masuti onunkhira, omwewo amene ndimalakalaka kufanana nawo. Kwathu wofedwa sayenda yekha, ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Koma pa Whitechapel, pomwe njira zathu zinkasiyana, pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Mayi, ndili ndi mayeso."

"Pita mwanangu, ndikafika."

Ndinawakweza sitima ya ku Romford, ine n'kupitirira.

Kumalo a mayeso, pafupi ndi Liverpool Street, anandilanda foni ndi wotchi, n'kundijambula chikhatho ngati ndaba. Ndinalimbana ndi manambalawo mutu ukuwawa. Zotsatira zimatuluka pakompyuta pomwepo, ndipo masamu anali atakwera kuposa momwe asukulu ankafunira. Kunena zoona, sindinamve kukoma kulikonse. Ndinagula sangweji ya mazira pasiteshoni, koma ndinaisiya osadya n'kukwera sitima ya ku Romford.

Ku Romford ndinafika masana, mvula itakula. Ndinkati ndikafunse kuchipatala ngati mayi Nyirenda adutsa kale, koma ndinawapeza panja, pabenchi ya pakhomo, duku litanyowa, m'manja mulibe kanthu.

"Mayi, zovala zija zili kuti?"

"Sindinalowe. Ndimati mwina pabwera munthu wakwathu tilowe awiri." Anandiyang'ana kumaso. "Nanga mayeso?"

"Ndakhoza."

"Ambuye alemekezeke," anatero, ndipo ankanenadi kuchokera pansi pa mtima. Pamenepo m'pamene ndinalira ine, chifukwa cha manyazi.

Malo kusukulu ndiwapeza, koma tsiku limenelo ndinaphunzira kuti London yandisintha kale ndisanavale n'komwe suti. Ndinagwira dzanja lawo, lozizira ngati chitsulo, n'kuwadzutsa, ndipo tinalowa.